Kuthandiza mwana kulankhula Cingerezi mopanda mantha

Aphunzitsi, mwana akakhala cete m'phunziro la Cingerezi, musafulumire kuganiza kuti sadziwa kanthu. Nthawi zambiri cimene camtseka pakamwa ndi kuopa kusekedwa. Palinso ulemu wa kunyumba, kumene anamphunzitsa kuti mwana sakweza mau pamaso pa akulu. Kumbukiraninso kuti kwa mwana wa ku Petauke amene amalankhula Cinsenga kwao, kapena wa ku Lundazi wolankhula Citumbuka, Cingerezi cimabwera pamwamba pa Cinyanja cimene akali kuphunzira.

Zolakwa zambiri zimene mudzamva mungazidziwiretu, cifukwa zimacokera ku cinenero cathu. Mau a Cinyanja amathera ndi vawelo, motero "bag" amamveka "bagi" ndipo "desk" amakhala "desiki". Ife tili ndi mavawelo asanu okha, a, e, i, o, u, ndiye khutu la mwana silinazolowere kusiyanitsa "ship" ndi "sheep". Kwa ife l ndi r sasintha tanthauzo la liu, koma m'Cingerezi "play" ndi "pray" ndi zinthu ziwiri. Liu loti "iye" timalichula kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, n'cifukwa cake mwana amati, "My mother, he is cooking." Mwana ameneyu wayala ciganizo cathunthu m'cinenero cacilendo, ndipo waphonya liu limodzi lokha.

Mukamdula mau n'kunena kuti walakwa, anzake aseka, ndipo mawa sadzakwezanso dzanja. M'malo mwake mbwezereni ciganizoco cili cokonzedwa, ngati mukungoceza naye: "Yes, she is cooking. What is she cooking?" Wamva liu loyenera, ndipo ali ndi cifukwa colankhuliranso. Za kachulidwe ka l ndi r muzisungire nthawi yakeyake, kalasi yonse pamodzi, monga sewero. Ana akweze dzanja lamanja akamva "right", aloze kuwindo akamva "light".

Cenjerani ndi kuyankha kwa onse pamodzi. Kumathandiza pamene mau ali atsopano, koma m'phokoso limenelo mwana wamanyazi amangogwedeza milomo, inu n'kumayesa kuti phunziro lalowa. Akatha kubwereza onse, akhale awiriawiri. Aloleni ayambe akambirana yankho m'Cinyanja, kenaka alinene m'Cingerezi kwa mnzao, ndipo pambuyo pake ndi pamene mungaitane ena kutsogolo. Kamsika ka pakona ya kalasi, ka timiyala ndi tizitsekero ta mabotolo, kamathandiza kwambiri. Wogula amene afuna tomato ayenera kunena "How much?", ndipo maganizo ake amakhala pa malonda, osati pa maso a anzake.

Kuyamba ndi kumva ndi kulankhula si cinthu cacilendo m'masukulu athu. Amene munaphunzitsapo Pathway to English mukumbukira kuti ana anali kuyamba ndi nyimbo, malonje ndi kutsatira malangizo asanaone Cingerezi colembedwa. Koma cizolowezi colanga mwana cifukwa walankhula Cinyanja cisiyeni ndithu. Mwana wolangidwa motero amasankha kukhala cete m'zinenero zonse ziwiri.

Kuti mudziwe amene akutsalira, ikani kacizindikiro pa dzina la mwana aliyense amene walankhula ciganizo yekha. Pofika Lacinai muone maina amene alibe kanthu. Lacisanu mupite pamene akhala anawo, muwerame pafupi, ndipo mufunse funso lalifupi limene mukudziwa kuti angathe kuliyankha.