Yezani Nyumba Musanagule Malata ndi Mafelemu

Misika ya fodya, mtedza, soya ndi thonje ikatsegulidwa, masitolo ogulitsa zipangizo zomangira m'matauni aang'ono amadzaza ndi alimi. Ambiri mwa iwo sakumanga nyumba yatsopano ayi. Akufuna kukonza yomwe ali nayo kale: kusasula udzu n'kukhoma malata, kuchotsa chitseko chansungwi n'kuika chathabwa, kapena kutsira simenti pansi. Ntchitoyi ndi yabwino, koma ndi pomwe ndalama za thukuta la chaka chonse zimatayikira, chifukwa mlimi amagula katundu poyamba, n'kudzayeza nyumba ngolo itatula kale malata pabwalo.

Gwero la vutoli ndi lakuti nyumba zathu zakale zambiri si zowongoka monga momwe maso amationetsera. Womanga anayeza ndi mapazi kapena bango, njerwa zinaumbidwa ndi zikombole zosiyana, ndipo dothi likamauma ndi kupsa limafota mosiyanasiyana. Denga laudzu limabisa zonsezi popeza udzu umapita kulikonse kumene mwaupinda. Lata ndi felemu yachitsulo zilibe chisoni chotero. Zinapangidwa pa makina ndipo zimafuna khoma loongoka.

Choncho ntchito yoyamba ndi kudziwa nyumba yanu. Tengani tepi, yezani kutalika kwa khoma lakumaso ndi lakuseri, kenaka makoma awiri am'mbali, ndipo muyezere kunja komanso pamwamba pomwe denga lidzakhale, osati pansi. Mukatero kokani chingwe kuchokera pangodya ina kukafika pangodya yopingasana nayo, ndipo muchite chimodzimodzi ndi ngodya ziwiri zotsalazo. Ngati makoma oyang'anizana ali ofanana ndipo zingwe ziwirizo zafanananso, nyumbayo ndi yasikweya. Zikasiyana ndi masentimita 2 kapena 3 musadandaule. Koma zikasiyana ndi chikhatho chonse kapena kuposerapo, mmisiri adziwiretu asanadule thabwa ngakhale limodzi.

Pofuna kuona ngodya imodzi payokha, pali njira yakale ya 3, 4, 5. Yezani masentimita 90 pakhoma lina kuchokera pangodya, masentimita 120 pakhoma linzake, ndipo pakati pa zizindikiro ziwirizo payenera kukhala masentimita 150. Kuti muone ngati makoma ali ofanana msinkhu simufunika levulo yodula. Kapaipi kapulasitiki koonekera m'kati kodzaza madzi n'kokwanira, chifukwa madzi amaima pamlingo umodzi kunsonga zonse ziwiri, bola musasiyemo mpweya. Mwala womangirira kuchingwe ukuuzani ngati khoma lapendekeka.

Chinanso chosokoneza ndi chakuti m'dziko muno timagwiritsa ntchito miyeso iwiri. Ana kusukulu amaphunzira mamita, pamene wasitolo amagulitsa malata potchula mafiti ndipo kalipentala amalankhula za mainchi. Tepi yomwe ili ndi zonse ziwiri, mbali iyi mainchi, mbali iyo masentimita. Fiti imodzi ndi masentimita 30 ndi theka, ndipo inchi ndi masentimita awiri ndi theka. Mukalemba 36 papepala osanena kuti ndi chiyani, wowotcherera akhoza kukupangirani zenera la mainchi 36, lomwe ndi masentimita 91, pamene inu mumatanthauza kazenera ka masentimita 36 ka chipinda chosungiramo mbewu. Nthawi zonse lembani nambala pamodzi ndi dzina la muyeso wake.

Tsopano tibwere ku malata, pomwe pamalowa ndalama zambiri. Tiyerekeze nyumba yotalika mamita 8, mulifupi mamita 5, ndipo denga likhale lotsetsereka mbali ziwiri. Ambiri amangogawa 5 pawiri n'kupeza mamita awiri ndi theka, n'kunena kuti malata a mafiti 8 akwana. Iwo amaiwala kuti lata siligona chafulati, limakwera. Ngati msonga ya denga yakwera mita imodzi kuposa makoma, mtunda wochokera pamsonga kufika pakhoma ndi pafupifupi mamita 2.7. Lata la mafiti 8 ndi mamita 2.44 okha, ndiye kuti silifika n'komwe pakhoma. La mafiti 10 ndi mamita 3.05, kotero litulukira kunja ndi masentimita 35 basi. La mafiti 12 ndi mamita 3.66, ndipo limeneli lisiya khonde la pafupifupi mita.

Ine ndimaona kuti masentimita 35 ndi ochepa pa nyumba ya zidina kapena ya njerwa zomangira dothi. Udzu umene mwasasulawo unkatsika patali ndipo unkagwetsa madzi pang'onopang'ono. Lata limakhuthula madzi onse nthawi imodzi, ndipo akagwera pafupi amathovukira kukhoma n'kumadya tsinde lake. Amene anaona mvula ya namondwe Freddy m'chaka cha 2023 m'chigawo cha kummwera akudziwa momwe khoma ladothi limagonjera likanyowa masiku angapo otsatizana. Pa nyumba zotere yesetsani kuti denga litulukire masentimita 60 kapena kuposa. Ngati ndalama za malata aatali palibe, ndi bwino kudikira kusiyana ndi kuvula nyumba chipewa chachikulu n'kuiveka chaching'ono.

Powerenga chiwerengero cha malata pali msampha wina. Lata lililonse limakwera pa linzake mzere umodzi ndi theka kuti madzi asalowe, choncho malo amene limafunditsa ndi ochepa kuposa mulifupi mwake. Pa nyumba yathu ija tionjezere masentimita 30 uku ndi uku, zikhala masentimita 860. Tinene kuti lata mwaliyeza ndi masentimita 80 koma likasanjikizana ndi linzake likufunditsa 70 okha. Wogawa ndi 80 agula malata 11 mbali imodzi, onse pamodzi 22. Wogawa ndi 70 apeza 13 mbali imodzi, onse 26. Munthu woyambayo aperewedwa malata 4, ndipo zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti mmisiri, poopa kuimitsa ntchito, amawatambasula malata aja n'kuwasanjikiza theka la mzere lokha. Denga limaoneka lokongola mu Ogasiti, n'kudzayamba kudontha mu Januwale.

Manambala a 80 ndi 70 ndi chitsanzo chabe, chifukwa malata amasiyana malinga ndi kumene anapangidwa. A mtundu wa IBR amafunditsa masentimita 68 ndi theka. Safunsa anadya phula: pitani ndi tepi yanu kusitolo, gonekani malata awiri pansi, asanjikizeni monga adzakhalire padenga, ndipo muyeze nokha. Onaninso geji, pokumbukira kuti nambala ikakula lata limapyapyala, kotero 28 ndi lochindikala kuposa 32. Gulani onse tsiku limodzi ndi pamalo amodzi. Amene amagula awiriawiri chaka ndi chaka, monga ambiri timachitira, atenge kachidutswa ka lata lakale pokagula ena, popeza mizere ya malata a mafakitale osiyana nthawi zina silowana.

Nanga ngati mwapeza kuti nyumba ndi yopotoka? Musagwetse khoma. Chofunika n'chakuti denga lenilenilo likhale lasikweya ngakhale makoma asali choncho. Mmisiri awongole msinkhu wa makoma poonjezera njerwa kapena matope pomwe patsika, aike matabwa apamwamba pakhoma motsata chingwe, ndipo kusiyana kuja kukabisale kukhonde, kwina litulukire kwambiri, kwina pang'ono. Lata loyamba likhomedwe motsata chingwe chokokedwa kumunsi kwa denga, osati motsata khoma. Likangopotoka loyambalo, onse otsatira amatuluka ngati mano a sowo. Yambirani kukhoma kumbali imene mphepo ya mvula imalowera kwanuko, kuti milomo ya malata ifulatire mphepoyo. Mapaso a denga laudzu musawadalire, chifukwa anaikidwa motsetsereka kwambiri ndipo kawirikawiri ndi okhota. Komanso denga lamalata ndi lopepuka, choncho limangidwe ndi waya wolowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa kupita pansi, osati kungolitsindira ndi miyala.

Za zitseko ndi mazenera sizifuna mawu ambiri. Yezani khomo malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, ndipo mutenge muyeso waung'ono pa yonse. Zitseko zambiri zopangiratu ndi za masentimita 81 mulifupi ndi 203 msinkhu, pamene makomo a nyumba zakale ndi aafupi ndi opapatiza kuposa apa. Felemu ikachepa, mpata umatsekedwa ndi njerwa. Ikakula, musafulumire kugumula, makamaka ngati pamwamba pa khomo palibe lintala, chifukwa njerwa zapamwambazo zimatsamira pa felemu yakaleyo. N'kwapafupi kuuza wowotcherera kapena kalipentala wa pamsika kuti apange felemu yolingana ndi khomo lanu. Ngati mulibe tepi, dulani mabango awiri, lina la msinkhu, lina la mulifupi, mupite nawo. Bango silinama ngati pepala lolembedwa mothamanga.

Ngati mukuganiza zodzatsira simenti pansi chaka chamawa, muuzeni mmisiri lero. Simentiyo idzakweza pansi ndi masentimita 5 kapena kuposa, ndipo chitseko chimene chinkatseguka bwino chidzayamba kukhula. Matabwa nawo akhale ouma. Paini kapena bulugamu wocheka kumene amafota m'mimba mwake akamauma, ndipo chitseko chopangidwa ndi thabwa laliwisi chimatsegula mipata yolowa chala. Chouma bwino chimafufuma pang'ono nthawi ya dzinja, n'chifukwa chake kalipentala wodziwa amasiya kampata ka mamilimita 3 kuzungulira chitseko akamachiika m'chilimwe.

Wina angafunse kuti nkhani ya amisiri yalowa bwanji pa tsamba la alimi. Masiku ano ambiri sasunganso chimanga m'nkhokwe panja poopa akuba. Matumba a chimanga, mtedza, mbewu ndi feteleza ali m'chipinda, pansi pa denga lomwelo. Dontho limodzi logwera pathumba usiku uliwonse likwanira kubweretsa chuku, ndipo chuku china cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo satha ngakhale mutaphika. Feteleza akanyowa amaundana, ndipo kampata kapansi pa chitseko kolowa chala ndi msewu wa mbewa. Poyeza khomo la chipinda chimenechi, yesaninso ngati munthu wosenza thumba la makilogalamu 50 kapena wokankha wilibala angadutsepo osakhula felemu.