Ndiwo za m'banja la Solanaceae

Solanaceae ndi banja la zomera lomwe muli matimati, mabilinganya, tsabola, mbatatesi ndi mnadzi. Fodya ndi nthula nazonso ndi za m'banja lomweli, ngakhale sizidyedwa ngati ndiwo. Matimati, tsabola ndi mbatatesi zinachokera ku America, koma lero zimapezeka pafupifupi m'msika uliwonse m'Malawi.

Kadyedwe kake ku Salima

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ku Salima, monga ku Senga Bay, usipa, utaka ndi chambo amaziphika ndi matimati ndi anyezi, ena n'kuthirako tsabola wa kambuzi. Mnadzi umamera wokha m'minda nthawi ya dzinja, ndipo amauphika mofutsa kapena kuutendera. Mbatatesi siichita bwino kumalo otentha ngati amenewa. Yambiri imachokera kumapiri a ku Dedza ndi Ntcheu, ndipo imadyedwa kwambiri ngati tchipisi.

Shuga ndi kuthamanga kwa magazi

Kafukufuku wa STEPS, yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009, anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo 5.6 peresenti anali ndi matenda a shuga.

Matimati, mabilinganya ndi mnadzi zili ndi sitachi wochepa, choncho sizikweza shuga m'magazi msanga. Mbatatesi ndi yosiyana: sitachi wake amasanduka shuga mofulumira ngati wa nsima. N'chifukwa chake WHO siiwerengera mbatatesi pa magalamu 400 a masamba ndi zipatso omwe imalimbikitsa munthu kudya tsiku lililonse.

Kaphikidwe nako kamasintha zinthu. Mafuta ochuluka a tchipisi amanenepetsa, ndipo mchere wopitirira magalamu 5 patsiku umawonjezera kuthamanga kwa magazi. Chidulo kapena soda zimafewetsa masamba koma zimawononga ena mwa mavitamini ake.

Poizoni

Zomera zambiri za m'banjali zili ndi poizoni wachilengedwe monga solanine. Amachuluka mu mbatatesi yomwe yabiriwira kapena yaphuka, komanso m'zipatso zosapsa za mnadzi. Angathe kuyambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo sachoka ndi kuphika. Mbatatesi yowawa ndi yoyenera kutayidwa.

Ena amanena kuti ndiwozi zimayambitsa nyamakazi, koma palibe umboni wokwanira wa zimenezi. Odwala shuga safunika kuleka matimati kapena mnadzi. Chofunika n'kuchepetsa tchipisi, mafuta ndi mchere.