Kodi Thandizo kwa Osauka Limabala Umphawi? Mkangano wa ku England

M'chaka cha 1795 mtengo wa tirigu unakwera kwambiri ku England, moti aganyu a m'minda ankalephera kugula buledi wokwanira mabanja awo. Oweruza milandu a m'chigawo cha Berkshire anakumana pamudzi wa Speenhamland nagwirizana kuti wantchito wolandira malipiro ochepa azimuonjezera ndalama kuchokera ku msonkho wa parishi, molingana ndi mtengo wa buledi ndi kukula kwa banja lake.

Thomas Malthus, m'busa wa mpingo wa Anglican, sanakondwe ndi thandizo lotere. M'buku lake la mu 1798 anati chiwerengero cha anthu, chikapanda choletsa, chimakula motere: 1, 2, 4, 8, pomwe chakudya chimangotsatira pang'onopang'ono: 1, 2, 3, 4. Kwa iye, kupatsa wosauka ndalama sikuonjezera ngakhale thumba limodzi la tirigu m'dziko. Kumangomulimbitsa mtima kuti akwatire msanga ndi kubereka ana omwe sangathe kuwadyetsa. David Ricardo mu 1817 anaonjezera mbali ya malipiro: antchito akachuluka amalimbirana ntchito, ndipo malipiro amatsika kufika pongokwanira kuti munthu akhale moyo. Nayenso anafuna kuti malamulo othandiza osauka athetsedwe, koma mwapang'onopang'ono.

Maganizowa anapambana mu 1834. Lamulo latsopano linafuna kuti munthu wamphamvu zake wopempha thandizo akalowe m'nyumba yogwiriramo ntchito, momwe moyo unawawitsidwa dala kuposa wa waganyu wosaukitsitsa. Mwamuna, mkazi ndi ana ankagonekedwa kosiyana.

Komatu funso lenileni ndi lakuti chinayamba n'chiyani, thandizo kapena umphawi? Mu 1963 katswiri wa mbiri ya zachuma Mark Blaug anaunikanso umboni wa nthawiyo nanena kuti thandizoli linkaperekedwa kwambiri m'madera a ulimi momwe malipiro anali otsika kale ndipo ntchito inkasowa m'nyengo yozizira. Ine ndikuona kuti Malthus anaona utsi n'kuuyesa moto. Ngakhale lamulo lokhwimalo silinaimitse kubereka: anthu a ku England ndi Wales, omwe anali pafupifupi 9 miliyoni mu 1801, anafika pafupifupi 18 miliyoni mu 1851.