Chambo chimakulira pa madzi olekeza m'mawondo

Munthu akaima pa gombe la Usisya n'kuponya maso kum'mawa angalumbire kuti nsomba za m'nyanjayi sizingathe. Chakumpoto kunoko n'kumene Nyanja ya Malawi inazama kwambiri, mamita pafupifupi 700. Koma kuyako n'kopusitsa. Kutsika kupitirira mamita 250 madzi alibe mpweya woti nsomba n'kupuma. Moyo wa nyanjayi uli pamwamba ndi m'mbali, makamaka pomwe amayi amachapira ndi ana kusambira.

Taonani chambo. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi n'kuikirapo mazira, kenako n'kuwatola kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa. Tianato chimakatisiya pa madzi osaya, m'mabango ndi pamathiriro a mitsinje, pomwe timabisala mpaka titakula kukhala kasawala. Ndiye wina akakoka neti ya udzudzu pamenepo, wakolola chambo cha zaka zikubwerazi n'kuchiyanika pathandala ngati ndiwo za tsiku limodzi. Wodula bango naye wagwetsa nyumba ya tianato. N'zosadabwitsa kuti mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu.

Mpasa vuto lake limachokera kumtunda. Nthawi ya mvula umakwera mitsinje ngati Luweya kukaswera pa timiyala, ndipo mitengo ikatha m'mapiri, matope amakwirira timiyalato. Usipa umadalira mwera: mphepoyi ikavundula madzi m'miyezi yozizira, chonde cha pansi chimakwera, ndere n'kuchuluka, tizilombo todyedwa ndi usipa n'kuswana. Pa usipawo ndi pomwe ncheni ndi kampango zimanenepera.

Mu 2012 bungwe la Ripple Africa, lomwe lili ku Mwaya kufupi ndi Kande, linayamba ntchito ya Fish for Tomorrow pamodzi ndi mafumu ndi nthambi ya boma yoona za usodzi. M'midzi munakhazikitsidwa makomiti a asodzi ndi osasodza omwe, amayi ali momwemo, olondera malo oswerana nsomba, kulanda maukonde oletsedwa ndi kuonetsetsa kuti nyengo yotseka usodzi ikulemekezedwa. Lamulo la usodzi la 1997 linali litapereka kale mpata woti eni mudzi azitenga nawo mbali, koma kuno ku Nkhata Bay mpatawo unagwiritsidwadi ntchito, ndipo njirayi inafalikira ku Nkhotakota, Salima mpaka Mangochi.

Sindingamunyoze mayi wokoka neti ya udzudzu ku Chintheche. Kondowole sadyeka popanda ndiwo, ndipo ukonde wovomerezeka ndi wodula. Komabe netiyo ikubera mwana wake yemwe. Makomitiwa amagwira ntchito yowawa, yolanda chinthu cha m'bale wako amene mawa mukumana pamaliro, ndipo salandira malipiro. Khonsolo ya Nkhata Bay ndi mafumu aziima nawo mlandu ukafika pabwalo, ndipo alimi a kumtunda kwa Luweya aitanidwe ku misonkhano ya za usodzi, chifukwa nkhaniyi ndi yawonso.