DZANJA LIKAKANA KUGWIRA, YAMBANI MWAONA MPINI WA KHASU

Caka ciliconse, kuyambira Okutobala mpaka Januwale, zipatala za kuno ku Nyimba ndi Petauke zimalandira anthu amene dandaulo lao ndi limodzi: dzanja likukana kugwira. Munthu akati anyamule ketulo ya tiyi, ululu umalasa kunja kwa cigongono mpaka ketulo aitule. Kufinya zovala kumakanika, kutsegula citseko kumawawa, ngakhale kugwirana canza ndi mlendo kumakhala cilango. Koma ukaona cigongonoco sicinatupe, sicikutentha, ndipo palibe bala. Cifukwa ca ici ambiri amaganiza kuti wina wawaponyera mankhwala kumunda, ndiye amayamba apita kukatemera. Pofika kwa ife mkono uli mabala okhaokha a lezala, ululu ukali pomwepo. Matendawa safuna mphini. Kawirikawiri gwero lake lili pa mpini.

Madokotala amachula matendawa kuti tennis elbow, ndiye kuti cigongono ca osewera tenisi. Dokotala wa ku Germany dzina lake Runge ndiye anayamba kuwafotokoza m'caka ca 1873, ndipo dzina la tenisi linabwera zaka khumi pambuyo pake ku England, pamene masewerawa anali atangochuka. Dzinali limasoceretsa. Mwa odwala onse, amene anagwirapo raketi ya tenisi ndi ocepa kwambiri. Ambiri ndi alimi, akalipentala, omanga nyumba, ophwanya miyala, amakanika, ndi amai amene tsiku lonse acapa, asinja ndi kuvundula nsima ya banja lalikulu. Amagwira munthu mmodzi kufika atatu mwa akulu 100 aliwonse, makamaka a zaka za pakati pa 35 ndi 55.

Cimene cimacitika m'kati ndi ici. Minofu imene imadzutsa dzanja ndi kuongola zala ili pamwamba pa mkono, ndipo yambiri imakamangirira pa kafupa kotumphuka kamene kali kunja kwa cigongono. Nthawi iliyonse mukafumbata cinthu mwamphamvu, minofu imeneyi imakoka pa kafupa kaja kuti dzanja lisagwere pansi. Khasu likamenya nthaka youma, kugunda kwake kumayenda mu mpini, kulowa m'dzanja, kukathera pamenepo. Zikacitika kambirimbiri popanda kupumula, mtsempha womangirirawo umayamba kusosoka ngati cingwe ca pacitsime cimene cikukhuzika pa mwala. Mtsempha sulandira magazi ambiri monga mnofu, ndiye cifukwa cake umacedwa kupola.

Mungadziyese nokha kunyumba. Dinani ndi cala pa kafupa ka kunja kwa cigongono kapena pansi pake pang'ono. Kenaka ongolani mkono, cikhatho cipenye pansi, muyese kudzutsa dzanja wina akulikanikiza. Ngati ululu walasa pa kafupa kaja, mwina ndi matenda omwewa.

INU A M'TAUNI NDINU OYAMBA

Tikulemba izi makamaka kwa inu a m'makomboni a Chipata, Petauke ndi Nyimba amene muli ndi minda kumudzi. Mlimi wa kwa Nyalugwe amene khasu ndi nkhwangwa sizicoka m'manja caka conse ali ndi mkono wozolowera. Inu miyezi isanu ndi inai mwagwira colembera, sikelo ya pamsika kapena ciwongolero ca minibasi. Mvula ikagunda mukwera basi pa Great East Road, mutsika pa Kacholola, mulowa kumudzi ndi masiku atatu okha a chuti, ndipo mufuna nchito ya mwezi wathunthu ithe musanabwerere. Khasu mubwereka lililonse limene lili pankhokwe. Kucigwa ca Luangwa nthaka ya mwezi wa Okutobala ndi Novembala imakhala gwaa ngati njerwa, dzuwa nalo ndi loopsa, manja amangoti noninoni ndi thukuta. Mpini ukayamba kuterera, munthu amafumbata koposa osadziwa. Lolemba mwabwerera kunchito ndi matuza m'manja. Cigongono cimayamba pambuyo pa masiku angapo, ndipo ndi ocepa amene amakumbukira za khasu lija.

ZIMENE OPANGA RAKETI ANAPHUNZIRA

Popeza dzina la matendawa linacokera ku tenisi, tiyeni tione mmene anzathu a masewerawa amasamalira cogwirira cao, pakuti dzanja la wosewera ndi dzanja la mlimi linapangidwa mofanana.

Raketi sigulitsidwa ndi cogwirira ca saizi imodzi ai. Za akulu zimayambira masentimita 10 kufika pafupifupi 12 mukayesa mozungulira, ndipo wogula amasankha monga asankhira nsapato. Cogwiriraco si cobulungira ngati paipi. Cili ndi mbali 8, kuti cisazungulire m'manja mpira ukagunda, ndiponso kuti wosewera adziwe kumene raketi yapenya popanda kuiyang'ana. Kumapeto kwake ncotukuka pang'ono kuti cisapulumuke. Pamwamba amakulunga kansalu kofewa kakumwa thukuta, ndipo kakatha amacotsa ndi kuika kena. Zonsezi colinga cake ncimodzi: munthu agwire bwino popanda kufinya ndi mphamvu zake zonse.

Tsono taonani makasu amene ali panyumba panu. Mpini umasemedwa ndi atate, poyesa dzanja lao. Khasu lomwelo mawa alimira amai, mkuja mwana wa sitandade sikisi. Dzanja la amai ambiri ndi laling'ono, motero zala sizizungulira mpini, ndipo kuti khasu lisathawe ayenera kufinya kowirikiza. Kunena zoona, amai ndiwo amakhala ndi khasu m'manja masiku ambiri kuposa atate, makamaka popalira, koma sindinaonepo kawirikawiri mpini wosemedwa poyesa dzanja la mai. Mpini woonda kwambiri nawonso ndi woipa: zala zimakumana ndi cikhatho, mpini umazungulira, ndipo matuza sacedwa.

Kuyesa kwake nkosavuta. Gwirani mpini monga mugwirira polima. Pakati pa nsonga za zala zanu ndi mnofu wa m'munsi mwa cala cacikulu payenera kutsala mpata wolowa cala colozera ca dzanja linalo. Cikakana kulowa, mpini waonda. Cikalowa ndi kutsala malo ambiri, mpini wanenepa. Njira ina anaiphunzitsa dokotala wa mafupa wa ku America, Robert Nirschl. Tambasulani cikhatho, muyese ndi kaulusi kucokera pa mzere wapakati wa cikhatho kufika kunsonga ya cala covala mphete. Dulani kaulusiko, mukazungulize pa mpini. Nsonga zake zikakumana kapena kutsala pang'ono, mpini ndi wanu. Pitani nako kaulusiko m'thumba pokagula mpini pamsika. Ogulitsa adzaseka, asiyeni aseke.

Mpini wonenepa ngwosavuta kukonza: palani ndi kasemasema kapena phale la botolo, musalaze ndi sandipepa. Musaupale mobulungira kwenikweni. Ukhale wophwatalala pang'ono m'mbali ngati dzira, monga ulili mpini wa nkhwangwa ya kusitolo, kuti usazungulire. Kumapeto siyani kamutu kotukuka. Woonda ukulungeni pogwirira ndi malegeni a chubu ca njinga, mothina ndi mosasiya mfundo pamene pakhala cikhatho. Mphira imacepetsa kugunda, koma ikanyowa ndi thukuta imaterera, motero ena amaonjeza kansalu ka thonje pamwamba. Mpini wa penti yonyezimira umaoneka bwino pamsika koma m'munda ndi woterera. Ipaleni pentiyo pogwirira.

Makasu a mpini wa paipi amene amaocherera a welding m'tauni ndiwakonda pa cinthu cimodzi cokha, cakuti saguluka. Kupatula apo, citsulo sicimeza kugunda monga mtengo, cimatentha padzuwa, ndipo mapaipi ambiri ndi oonda. Ngati ndilo khasu muli nalo, likulungeni.

Za utali tinene mwacidule. Mpini waufupi umaweramitsa munthu tsiku lonse, msana ndi umene umalipira. Ku California, m'dziko la America, boma linaletsa khasu la mpini waufupi m'minda ya maganyu m'caka ca 1975 cifukwa ca misana ya anchito. Wamtali apatsidwe mpini wautali, mwana apatsidwe kambwiri kopepuka.

MPINI WOKHA SUKWANIRA

Tisakunamizeni kuti mukakonza mpini ndiye kuti mwathana nazo. Ngakhale ku tenisi, ofufuza anapeza kuti kusiyana pang'ono kwa saizi ya cogwirira sikusintha kwambiri mmene minofu igwirira nchito. Cimene cimaononga mtsempha koposa ndi kuculuka kwa nchito pa nthawi yocepa ndi kamenyedwe koipa.

Tengani citsanzo ca ulimi wa maenje umene bungwe la Conservation Farming Unit, lokhazikitsidwa mu 1996, linafalitsa m'Zambia muno pamodzi ndi khasu lolemera lochedwa Chaka. Pa hekitala imodzi pamalowa maenje oposa 15,000, ndiye kuti pa lima imodzi pafupifupi 4,000, ndipo dzenje lililonse lifuna kumenya kangapo. Alangizi amati kukumba kuyambe mukangokolola, nthaka isanaumitse, maola ocepa m'mawa uliwonse. Uphungu umenewu ndi wa ulimi, koma ife a cipatala tiuvomereza ndi manja awiri. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Amene adikira Novembala kuti akumbe lima yonse pa masiku atatu ndi amene timakumana naye pa mzere wa odwala.

Pomenya, lolani kulemera kwa khasu kugwire nchito. Likwezeni, ligwe lokha, manja angoliongolera, ndipo pamene likugunda nthaka masulani zala pang'ono. Nolani khasu ndi nkhwangwa, pakuti cida cobuntha cifuna kumenya kawiri pamene cakuthwa cimenya kamodzi. Sinthanitsani dzanja lotsogola. Pumulani pang'ono pa theka la ola lililonse, mutambasule zala, mumwe madzi. Osuta fodya adziwenso kuti matendawa amawakonda.

NGATI CAYAMBA KALE KUWAWA

Nkhani yabwino ndi yakuti mwa odwala 10, okwana 8 kapena 9 amacira m'kati mwa caka cimodzi popanda opaleshoni. Nkhani yowawa ndi yakuti caka ndi nthawi yaitali kwa munthu wodya za manja ake.

Musaumange mkono m'khosi ndi kuusiya osagwira kanthu, udzafooka. Cepetsani cabe nchito imene ikuwawitsa kwa masabata angapo. Ponyamula cidebe kapena poto, cikhatho cipenye kumwamba ndipo cigongono cikhale pafupi ndi thupi. Pofinya zovala pemphani mwana agwire mbali ina. Mukaweruka ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira pa cigongono kwa mphindi 10 kapena 15. Kalamba komanga mkono zala zitatu pansi pa cigongono kamathandiza ena pogwira nchito. Kasathine mpaka zala kucita dzanzi, ndipo kamasulidwe pogona.

Mankhwala eni eni ndi kulimbitsa mtsempha pang'onopang'ono. Dzazani madzi m'botolo la theka la lita. Khazikani mkono pathebulo, dzanja lilendewere kumphepete, cikhatho cipenye pansi, botolo lili m'manja. Dzutsani dzanjalo mothandizidwa ndi linzake, kenaka litsitseni lokha pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 5. Citani ka 10 kufika ka 15, mupumule, mubwereze katatu, tsiku lililonse. Kuwawa pang'ono nkololedwa, kulasa ai. Zikapepuka, m'botolo ikani mcenga. Zimatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti muone kusintha, ndipo ambiri amaleka pa sabata yaciwiri.

Panadol angacepetse ululu. Ibuprofen ndi diclofenac, amene ambiri mumagula m'tuntemba ndi kumwa ngati maswiti, ndi a masiku ocepa cabe ndipo amwedwe mutadya. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso kapena BP, ndiponso amai apakati, asamwe popanda kufunsa kucipatala. Diclofenac wodzola ndi wabwinopo pa matendawa kuposa wakumwa.

Ambiri amabwera atatsimikiza kale kuti afuna nyeleti ya pa cigongono, cifukwa mnzao anabayidwa ndipo mawa lake anapita kumunda. Nyeleti ya steroid imaziziritsadi ululu msanga. Koma ku Netherlands mu 2002 anayerekeza magulu atatu a odwala. Patapita masabata 6, mwa obayidwa 100 okwana 92 anali bwino, kuposa magulu ena onse. Patapita caka zinthu zinatembenuka: obayidwa amene anali bwino anali 69, amene anangodikira 83, ndipo amene anacita zolimbitsa mkono 91. Ku Australia mu 2006 anapezanso kuti mwa obayidwa ambiri ululu unabwerera. Tikakukanizani nyeleti, si nkhanza kapena kuumira mankhwala.

Koma si kuwawa konse kwa cigongono kumene kuli tennis elbow. Fikani kucipatala tsiku lomwelo ngati cigongono catupa, cafiira, cikutentha ndipo thupi likutentha, kapena ngati munagwa ndipo mkono sukuongoka. Bwerani msanga ngati zala zikucita dzanzi usiku, ngati zinthu zikupulumuka m'manja, ngati ululu ukucokera m'khosi kutsika ndi mkono, kapena ngati cigongono catupa kwa masabata ambiri ndipo mukuonda, pakuti TB imagwiranso mfundo za mafupa. Kuwawa kwa mkono wamanzere kobwera pamodzi ndi kuthina pacifuwa ndi kubanika ndi nkhani ya mtima, musadikire kuce.

Matuza musawaboole ndi minga kapena singano. Sambani ndi sopo, muphimbe ndi kansalu koyera. Odwala shuga aonetse bala lililonse la m'manja kapena kuphazi, ngakhale laling'ono. Ndipo musanalowe m'munda gwedezani khasu muone ngati msuka wagwira. Msuka ukapanda kugwira, khasu limaguluka lili m'mwamba, ana ali pambuyo panu akuponya mbeu. Bala la khasu limalowa dothi, ndipo m'dothi ndimo mukhala tizilombo ta kafumbata. Litsukeni ndi madzi ambiri ndi sopo, musaikemo dothi, phulusa kapena ndowe, ndipo bwerani nalo kucipatala tsiku lomwelo kuti tione ngati mufunika katemera.