Musathamangire kugula TV ina: mwina ndi kachipangizo kamene sikanatcheredwe bwino

Nyumba zambiri za a Malawi kuno ku Britain tsopano zili ndi kachipangizo kaja timabaya kumbuyo kwa TV kuti tizionera makanema a pa intaneti. Ena ali ndi Fire TV Stick ya Amazon, ena Roku, ena Apple TV, ndipo ena akadali ndi Chromecast, imene a Google analeka kupanga mu 2024 n'kubweretsa Google TV Streamer m'malo mwake. Ndi pomwepa pamene timaonera mpira, ana amaonera makatuni awo, ndipo kumudzi kukagwa maliro kapena kukakhala ukwati, banja lonse limadzadza pabalaza kutsatira mwambowo pa YouTube. Tsono tsiku ngati limenelo sikirini ikangoti bii, kapena nkhope za anthu zikatuwa ngati adzola phulusa, mtima umawawa kuposa mmene umawawira filimu wamba ikavuta.

Ambirife timafulumira kugamula kuti TV yatha kapena kachipangizoko n'kachinyengo. Ndamvapo anzanga kuntchito akukambirana zotenga TV ina pa ngongole, pamene imene ali nayo ilibe chilema chilichonse. Kawirikawiri mlandu umangokhala woti zinthu ziwirizi sizikumvana. Mukangolumikiza, TV imauza kachipangizoko mtundu wa chithunzi umene imatha kuonetsa, ndipo iko kamasankha kokha choti katumize. N'chifukwa chake kamabwera kotcheredwa pa Auto, ndipo m'nyumba zambiri Auto imagwira bwino, musaisunthe popanda chifukwa. Koma TV ikakhala yakale, waya wa HDMI akakhala wotopa, kapena pakati pakalowa soundbar kapena kabokosi kogawira mawaya, uthenga uja umafika wopotoka ndipo kachipangizoko kamatumiza chithunzi chimene TV singachikwanitse.

Malo okonzera zimenezi sali patali. Pa Fire TV lowani mu Settings, kenako Display & Sounds, n'kusankha Display. Pa Roku ndi Settings kenako Display type. Pa Apple TV ndi Settings kenako Video and Audio. Mayinawa amasinthako pang'ono akamakonza mapulogalamu, koma mawu akuti Display kapena Video sasowa.

Nambala yaikulu si mankhwala

Choyamba chimene mudzapeze ndi manambala atatu: 720p, 1080p ndi 4K, imene ena amailemba 2160p. Manambalawa akunena kuchuluka kwa timadontho timene timapanga chithunzi. 1080p ili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 chotsika, tonse pamodzi topitirira pang'ono 2 miliyoni. 4K ili ndi 3840 ndi 2160, kutanthauza topitirira 8 miliyoni. Mwachibadwa munthu amafuna kusankha nambala yaikulu, koma TV imaonetsa timadontho timene ili nato basi. TV zambiri zotsika mtengo za mainchesi 32, zija zolembedwa HD Ready zimene ana asukulu amakonda kugula za m'chipinda chawo, zili ndi 1366 ndi 768 chabe. Kuikakamiza TV yotere kulandira 4K n'kumene kumabala sikirini yakuda kapena uthenga woti No Signal.

Zikatero musataye mtima. Pa rimoti ya Fire TV dinani pamodzi batani lokwera m'mwamba ndi lobwezera filimu m'mbuyo, musasiye kwa masekondi 5. Kachipangizoko kamayamba kuyesa manambala aja imodziimodzi, ndipo chithunzi chikatulukira mumavomereza pomwepo. Pamafunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amazula pulagi kasanamalize kuyesa. Ngati chanu ndi cha mtundu wina, kachibayeni pa TV ya mnzanu, muchitchere pa 720p, n'kubwera nacho kwanu.

Amene muli ndi TV ya 4K yeniyeni koma kachipangizo kakukana kupereka 4K, yang'anani kumbuyo. Si mabowo onse a HDMI amene ali ofanana, ndipo makanema a 4K a makampani ngati Netflix amafuna bowo lokhala ndi chitetezo chotchedwa HDCP 2.2. Komanso pa TV zambiri bowolo limafunika kulitsegulira mphamvu yake yonse: a Samsung amati Input Signal Plus, a LG amati HDMI Ultra HD Deep Colour, a Sony ndi a Hisense amati Enhanced format. Waya woyenera ndi wolembedwa Premium High Speed. Sikofunika wa mtengo wa thumba la ufa. Wotsika mtengo wokhala ndi chizindikirochi amagwira chimodzimodzi.

Ine maganizo anga ndi akuti 4K timaitamanda mopitirira. Pa TV ya mainchesi 40, munthu atakhala pa sofa mamita 3 kuchokera pa sikirini, maso ambiri sangasiyanitse 4K ndi 1080p. Ndipo palibe batani limene lingakonze kanema wochokera kumudzi wojambulidwa pa foni netiweki ikuvuta. Ngati mlamu wanu akuulutsa mwambo wa chinkhoswe chithunzi chikufika cha 360p, chidzaoneka chosamveka ngakhale pa TV ya ndalama zingati. Pamenepo vuto lili kumene akujambulako, inu musavutike ndi rimoti.

Chifukwa chake mpira umadumphadumpha

Apa ndi pamene ambiri sitidziwa, ndipo ndi pamene pamakhala phindu lalikulu. Pafupi ndi nambala ija mudzaona ina: 50Hz kapena 60Hz. Imeneyi ikunena kangati pa sekondi TV imajambula chithunzi chatsopano. Nkhaniyi inachokera ku magetsi. Ku Britain, ku Malawi, ku Zimbabwe ndi ku South Africa magetsi amayenda pa 50Hz, ndipo mawailesi akanema a maiko amenewa anamangidwa pa zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi. Ku America magetsi ndi a 60Hz, kanema wawo ndi wa zithunzi 30 kapena 60. Mafilimu akuluakulu nawo ali ndi mwambo wawo, zithunzi 24 pa sekondi.

Tsono tizipangizo tambiri timeneti timakonda kukhala pa 60Hz. Mukamaonera mpira wojambulidwa kuno wa zithunzi 50, kachipangizoko kamayenera kudzaza malo 60, ndiye kamabwereza zithunzi 10 pa sekondi iliyonse. Kamera ikamatsatira mpira wokankhidwa kuchokera kugolo, mudzaona bwalo lonse likuchita ngati likugwedezeka kapena kupunthwa. Anthu amanena kuti intaneti ikuchedwa, mpaka kukangana ndi ana kuti azimitse magemu awo, pamene intaneti ilibe mlandu. Filimu ya zithunzi 24 nayo pa 60Hz imaonetsedwa mosalingana, chithunzi china katatu, chotsatira kawiri, ndipo zimaonekera kwambiri mayina akamayenda kumapeto kwa filimu.

Wina anganene kuti basi titchere pa 50Hz. Ngati nyumba yanu imaonera kwambiri BBC iPlayer, ITVX ndi mpira wa kuno, zimathandizadi. Koma makanema ambiri a pa YouTube amajambulidwa ndi mafoni pa zithunzi 30, ndiye amenewo ndi amene angayambe kupunthwa. Njira yabwino ndi kulola kachipangizoko kuti kazisintha kokha molingana ndi chimene mukuonera. Pa Fire TV ndi Match Original Frame Rate. Pa Apple TV lowani mu Match Content n'kuyatsa Match Frame Rate. Pa Roku chinabisidwa mkati: System, Advanced system settings, Advanced display settings, kenako Auto-adjust display refresh rate. Mukayatsa, sikirini izida kwa sekondi imodzi kapena ziwiri filimu ikamayamba ndiponso ikamatha. Si vuto, ndi TV ikusintha liwiro. Dziwaninso kuti si mapulogalamu onse amene amamvera lamuloli, makamaka pa Fire TV.

Abale athu a ku America siyani chanu pa 60Hz. TV zina zogulitsidwa kumeneko sizilandira 50Hz n'komwe.

Nkhope zikamira mu mdima

HDR ndi njira yoonetsera kuwala kwambiri ndi mdima wozama pa chithunzi chimodzi. Pa TV yamphamvu imakongoladi. Vuto ndi lakuti TV zambiri zotsika mtengo zimalandira HDR koma zilibe kuwala kokwanira, ndiye chithunzi chonse chimangoda. Ifeyo akhungu lakuda timaziona msanga: mu filimu ya usiku nkhope ya munthu imasowa, kumangotsala maso ndi mano. Choipitsitsa ndi pamene kachipangizo katcheredwa kuti kazitumiza HDR nthawi zonse, ngakhale pa nkhani kapena makatuni amene sanajambulidwe motero. Pa Fire TV, mu Dynamic Range Settings, sankhani Adaptive m'malo mwa Always HDR. Pa Apple TV njira imene ambiri amaikonda ndi kuika Format pa 4K SDR n'kuyatsa Match Dynamic Range, kuti HDR izibwera pokhapokha filimuyo ili nayodi. Zikapitirira kuda, izimitseni HDR yonse, simulakwira munthu.

Ngati chakuda chikuoneka chotuwa, kapena mithunzi yonse yangosanduka chikuda chimodzi, fufuzani Black Level pa TV ndi Colour Format pa kachipangizo, zonse muziike pa Auto. Ndipo mawu a m'munsi kapena kabokosi ka zigoli zikamadulidwa m'mphepete, ndi TV imene ikukulitsa chithunzi mwa chizolowezi chakale. Funani Just Scan pa LG, Fit to Screen pa Samsung kapena Full Pixel pa Sony.

Palinso chija chimachititsa filimu kuoneka yoterera ngati sewero lojambulidwa pa foni. Chimenecho chili pa TV, osati pa kachipangizo: TruMotion pa LG, Motionflow pa Sony, Auto Motion Plus kapena Picture Clarity pa Samsung. TV imapeka zithunzi zake n'kuzilowetsa pakati pa zenizeni. Opanga mafilimu amadana nacho, moti mu 2018 Tom Cruise anajambula uthenga wopempha anthu kuti azichizimitsa, ndipo mu 2019 kunalengezedwa Filmmaker Mode imene imachizimitsa ndi batani limodzi. Pa mpira ena amachikonda, zili kwa inu.

Poti ndine namwino, ndiloleni ndipatukeko pang'ono. Mwa anthu 100 odwala khunyu, pafupifupi 3 amagwa chifukwa cha kuwala kothwanima. Ndi ochepa, koma ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata. Mu Disembala 1997 ku Japan anthu 685, ambiri a iwo ana, anathamangira nawo kuchipatala ataonera gawo lina la katuni ya Pokémon limene munali kuthwanima kofiira ndi kwabuluu. Ngati m'nyumba muli wodwala khunyu, chotsani TV pa Vivid kapena Dynamic, zimene anazikonzera kukopa ogula m'sitolo, muiike pa Standard kapena Cinema. Asaonere mu mdima wa ndiweyani ndiponso asakhale pafupi ndi sikirini. Apple TV kuyambira 2023 ili ndi Dim Flashing Lights mu Accessibility, imene imachepetsa kuwala ikazindikira kuthwanima. Kuthwanima kukabwera mwadzidzidzi, mwana aphimbe diso limodzi ndi chikhatho n'kuyang'ana kumbali, kungotsinzina sikokwanira. Ndipo mwana amene wagwa kapena kukomoka akuonera TV apite kwa dokotala, musangosintha mabatani n'kukhala chete.

Mukamatumiza kumudzi

Ambiri timagula tizipangizoti pa mtengo wotsika wa Black Friday n'kupatsira wopita kumudzi. Pulagi ya kuno ya mano atatu imalowa bwinobwino m'masoketi a ku Malawi, ndiye tumizani pamodzi ndi pulagi yakeyo. Bowo la USB la pa TV nthawi zambiri silipereka magetsi okwanira, ndipo kachipangizo kamangozima n'kuyakanso.

Chachikulu ndi bandulo. Malinga ndi a Netflix, ola limodzi limatha kudya mpaka 1GB pa chithunzi wamba, 3GB pa HD ndi 7GB pa 4K. Amayi akaonera mafilimu awiri pa 4K, bandulo imene mwawagulira ya mwezi yatha. Musanapakire, tcherani kachipangizoko pa 720p, komanso lowani mu akaunti ya Netflix, pa Playback settings, muchepetse Data usage. Pa YouTube aphunzitseni kusankha 480p okha. Auzeninso kuti BBC iPlayer sigwira kunja kwa Britain, asaganize kuti mwawatumizira chakufa.

Funsani kaye kuti TV yawo ili ndi bowo la HDMI kapena ayi. Ngati ndi ija yachimbuyo yokhala ndi mabowo achikasu, oyera ndi ofiira, pafunika kabokosi kosinthira. Werengani bwino pa paketi: kakhale HDMI to AV, osati AV to HDMI, chifukwa timafanana maonekedwe koma sitigwira ntchito mobwerera. Kambali kake kali ndi kaswichi ka PAL ndi NTSC. Kaikeni pa PAL, apo ayi chithunzi chikhoza kutuluka chopanda mtundu kapena chomangogubuduka. Timabokosi tina totchipa timakana makanema otetezedwa a Netflix pamene YouTube tikuonetsa, choncho kayeseni konkuno ndi mapulogalamu onse awiri, ndipo mumatire kapepala pa waya aliyense kosonyeza bowo lake.