Mayeso oyambira: kukweza mwana sikelo ya kuwerenga

Mayi aliyense wa ku Chitakale kapena ku Limbuli amalidziwa buku la kusikelo. Tsiku loyamba mlangizi wa zaumoyo amakoloweka mwana n'kulemba kadontho. Kadontho kamodzi sikanena zambiri. Pakabwera kachiwiri m'pamene mayi amaona ngati mwana akukwera. Mayeso oyambira kusukulu ndi kadontho koyambako. Si okhoza kapena kulakwa ngati a MANEB a Sitandade 8 ayi. Amangoonetsa pamene mwana waima tisanayambe kumuthandiza.

Odziwika kwambiri ndi a EGRA (mayeso a kuwerenga a makalasi oyambirira), omwe anachitika m'dziko muno mu 2010. Woyesa amakhala ndi mwana mmodzi, wotchi ili m'manja. Mwanayo amatchula malembo, maphatikizo monga ba, be, bi, kenaka mawu ndi kankhani kakafupi, chilichonse kwa mphindi imodzi, n'kuyankha mafunso. Mayesowo anapeza kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la Chichewa, ndipo mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko yotukula kuwerenga ya National Reading Programme. EGRA imayesa ana owerengeka osankhidwa mwachisawawa, koma mphunzitsi akhoza kuyesa kalasi yake yonse chaka chikamayamba.

Pomwe pamafunika maso ndi pa avereji. Tiyerekeze kuti aphunzitsi akulu anena pamsonkhano wa makolo kuti kalasi ya ana 100 imawerenga mawu 10 pamphindi. Zikumveka bwinoko. Komatu mwina ana 25 amawerenga mawu 40 aliyense, pamene 75 sakutulutsa n'limodzi lomwe. Avereji ndi yomweyo, koma ana 75 abisika m'menemo. Choncho kholo lifunse kuti: “Nanga omwe sanawerenge kanthu ndi angati, ndipo akukanika pati, pamalembo kapena pamaphatikizo?” Yankho lake ndi lomwe limauza mphunzitsi mmene agawire magulu.

Ana nawo auzidwe, koma osati powerenga mayina pamzere ngati tsiku lotsekera sukulu. Ndimamva chisoni ndi mwana wosekedwa chifukwa cha muyeso womwe cholinga chake chinali kumuthandiza. Aphunzitsi amuitanire pambali: “Malembo ukuwadziwa, tsopano tigwire maphatikizo.”

Tisathamangirenso kufanizira sukulu. Namondwe wa Freddy atawomba mu Marichi 2023, makalasi ena kuno ku Mulanje anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo masabata a maphunziro anatayika. Sukulu yotero iyerekezedwe ndi pomwe inayambira, osati ndi ya paboma.

Zotsatira za mayesowa zifike ku komiti ya sukulu, ku bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), ku gulu la amayi ndi kwa alangizi a zamaphunziro (a PEA) ku likulu la aphunzitsi (TDC), kuti polemba pulani yotukula sukulu ndalama za SIG (thandizo lotukulira sukulu) zipite pomwe pali vuto. Msonkhano usanathe, makolo agwirizane ndi aphunzitsi tsiku lodzayesanso ana omwewo, ndipo alembi a komiti alilembe m'buku.